Mtima wa Njati M'chifuwa cha Gwape

M'chaka cha 1964, mufakitale ya kampani ya Jensen ku West Bromwich, kufupi ndi mzinda wa Birmingham ku England, munkachitika zinthu zoti mwini galimoto ataziona akhoza kugwira m'mutu. Matupi a galimoto ankafika kuchokera ku kampani ya Pressed Steel atapentedwa kale, akung'anima ngati kalilole. Wantchito ankanyamula chinyundo chachikulu, cha mtundu uja woswera miyala, n'kuyamba kusasantha khoma lachitsulo limene limalekanitsa chipinda cha injini ndi kumene kumakhala mapazi a dalaivala. Khoma lija likalowa m'kati mokwanira, ankatsitsa injini ya Ford ya masilinda 8 pang'onopang'ono, mpaka itakhazikika pamalo amene anapimira kainjini ka masilinda 4.

Galimoto yake inali Sunbeam Tiger, ndipo zoposa 7,000 zinatuluka m'fakitale imeneyi pakati pa 1964 ndi 1967. Osimba mbiri yake amathamangira kutchula Carroll Shelby, katswiri wa mipikisano wa ku Texas, ndi Lord Rootes, mwini kampani ya Rootes imene inkapanga Sunbeam. Koma aliyense amene anadetsapo manja ndi girizi amadziwa kuti injini yaikulu imangofuna ndalama, ukakhala nazo wagula. Chovuta n'kuipezera pokhala, poti ipume, poti itulutsire utsi, ndiponso poti chiwongolero chidutse. Imeneyo ndi ntchito ya amisiri a zitsulo, odula, opinda ndi owotcherera, ndipo luso lawo linayamba zaka 30 Tiger isanabadwe.

Linayambira ku California m'zaka za m'ma 1930, nthawi imene ntchito zinasowa m'dziko lonse la America. Mu 1932 Henry Ford anatulutsa injini ya V8 yotsika mtengo, yoti ngakhale munthu wamba n'kuifikira. Dzinalo limachokera pa kakhalidwe ka masilinda ake: anayi mbali ino, anayi mbali inayo, atapendekeka ngati mphanda ya legeni. Injini yotere imakhala yaifupi koma yotambalala, ndipo kutambalala kumeneko ndi kumene kwakhala kukudwalitsa mutu amisiri kuyambira nthawi imeneyo. Posakhalitsa mainjiniwa anayamba kupezeka kotayira galimoto zangozi. Anyamata ankatola Model T kapena Model A yakale, kuichotsa madigadi ndi china chilichonse cholemera, n'kuikamo V8. Kumapeto a sabata ankapita nazo ku Muroc, nyanja youma ya m'chipululu cha Mojave, kumene dothi ndi lolimba ndiponso losalala kwa mtunda wautali, n'kumakathamangitsana mpaka fumbi kobo. Mu 1937 timagulu tawo tinagwirizana n'kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association kuti lizipima liwiro ndi kuika malamulo.

Sitolo yogulitsa zida zosinthira injini kunalibe. Kachitsulo kalikonse kokhazikapo injini ankachita kukadula yekha mnyamatayo, kukapinda ndi moto wa gasi, kukaboola, n'kukayesa. Kakakana, ankayambiranso.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi imene inasandutsa masewerawa kukhala ntchito ya amisiri. Kum'mwera kwa California kunali mafakitale akuluakulu a ndege monga Douglas, Lockheed, North American ndi Northrop, ndipo anthu masauzande ambiri anaphunziramo kupinda aluminiyamu, kukhoma maliveti ndi kuwotcherera mapaipi opyapyala osawaboola. Ku Northrop, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, Russell Meredith anakonza njira yowotcherera ndi nsonga ya tungsten, kwinaku mpweya wa helium ukutchinga chitsulo chosungunukacho kuti chisaipitsidwe ndi mpweya wamba. Ankaitcha Heliarc, lero amati TIG, ndipo ndi imene amisiri amadalira akafuna msoko waudongo pa aluminiyamu kapena pa mapaipi a ekizozi. Nkhondo itatha, anyamata anabwerera kwawo ali ndi luso m'manja ndi tindalama m'thumba. Magazini ya Hot Rod inayamba kutuluka mu 1948 n'kufalitsa nzeruzi m'dziko lonselo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, George Hurst wa ku Pennsylvania anali atayamba kugulitsa mamawunting'i opangiratu, oikira injini ya kampani ina m'galimoto ya kampani ina.

Tsidya lina la nyanja zinthu zinali zosiyana. Ku Britain msonkho wa galimoto unkawerengedwa potengera kukula kwa mabowo a masilinda mpaka chaka cha 1947, petulo anali wodula, ndipo misewu inali yopapatiza ndi yokhotakhota. Choncho Angerezi anazolowera kupanga tigalimoto topepuka, tokhota bwino, koma ta injini zofooka. Aamerika anali ndi mainjini amphamvu m'zigalimoto zolemera ngati ngolo. Sipankafunika mlauli kuti aone chimene chikanachitika zinthu ziwirizi zitakumana.

Mmodzi mwa oyamba kuzikumanitsa anali Sydney Allard wa ku London. Galimoto zake za J2 zambiri ankazitumiza ku America zopanda injini, kuti wogula akaikemo yekha Cadillac kapena Chrysler. Mu 1950 Allard mwiniwakeyo anatenga malo achitatu pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France, ali ndi injini ya Cadillac. Mmodzi mwa anyamata amene anathamangitsapo Allard yotere anali Carroll Shelby, ndipo sanaiwale. Atapambana Le Mans mu 1959 ndi Aston Martin, matenda a mtima anamusiyitsa mipikisano chaka chotsatira. Mu 1961 anamva kuti kampani ya AC ya ku Thames Ditton yasowa pogwira, chifukwa kampani ya Bristol inali itasiya kupanga injini imene ankaika m'galimoto yawo ya Ace. Anawalembera kalata, napemphanso Ford injini yake yatsopano ya V8, yaing'ono ndi yopepukirapo. Mu February 1962 Ace yopanda injini inafika pa ndege ku Los Angeles, ndipo m'galaja ya Dean Moon ku Santa Fe Springs anaiika injini tsiku limodzi lisanathe. Imeneyo ndiyo Cobra yoyamba.

Kuika injini tsiku limodzi kunatheka chifukwa amisiri a AC anali atalimbitsa kale chesesi ndi kusintha zina kwawo ku England. Ngakhale zinali choncho, walira mvula walira matope. Pa mpikisano wake woyamba ku Riverside, mu October 1962, Cobra inali patsogolo pamene habu ya wilo lakumbuyo inathyoka. Amene anakonza vutolo anali Phil Remington, mmisiri amene anakulira ku nyanja zouma zija ndipo anagwirapo ntchito pa ndege za nkhondo. Anasema mahabu atsopano olimba pa makina, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chothyoka kwa Shelby chinkathera pa benchi yake. Remington anagwirabe ntchito ya zitsulo ku kampani ya Dan Gurney mpaka atatsala pang'ono kumwalira mu 2013, ali ndi zaka 92. Anthu ambiri anamva dzina lake koyamba mufilimu ya Ford v Ferrari ya 2019, mwini wake atapita kale.

Komabe Cobra inali ndi mwayi umodzi. Ace inamangidwa pa chesesi ya mapaipi awiri akuluakulu, ndipo thupi lake la aluminiyamu linkangovala pamwamba ngati malaya. Ukafuna malo, umasuntha paipi kapena kupinda lata. Sunbeam Alpine, galimoto imene Tiger inachokerako, inalibe ufulu umenewo.

Alpine inatuluka mu 1959. Inali galimoto yokongola ya anthu awiri, yotsegula denga, yomangidwa pa pansi pa Hillman Husky. Thupi lake ndilo linalinso chesesi yake: malata opindidwa, owotchereredwa pamodzi ngati bokosi, moti ukadula pena wafooketsa ponse. Ku America inkakondedwa maonekedwe koma inkanyozedwa mphamvu, chifukwa kainjini kake ka malita 1.6 kankasiyidwa kumbuyo ndi galimoto zina za mtengo womwewo. Akuluakulu a Rootes anayesa kukambirana ndi Ferrari koma sizinaphule kanthu. Jack Brabham, katswiri wa ku Australia, ndiye anauza Norman Garrad, mkulu woona za mipikisano ku Rootes, kuti ayese V8 ya Ford. Norman anauza mwana wake Ian Garrad, amene ankayang'anira malonda a kampaniyo kumadzulo kwa America, kufupi ndi galaja ya Shelby.

Ian anatenga rula yamatabwa, kutsegula boneti ya Alpine, n'kuyeza. Kenako anatuma mnzake wa ntchito kuti azungulire m'mashopu ogulitsa galimoto zatsopano, aziyeza mainjini mmodzimmodzi. Imene inaoneka kuti ingalowe inali ya Ford ya malita 4.3, yolemera makilogalamu pafupifupi 200, yotulutsa mahosipawa 164, kuwirikiza kawiri mphamvu ya Alpine. Kutalika kwake kunkaposa injini yakale ndi mainchesi atatu ndi theka okha. Vuto linali m'lifupi.

Shelby anavomera kupanga galimoto yoyesera pa mtengo wa madola 10,000. Koma Ian mtima unali m'mwamba, ndipo sanathe kudikira. Anapereka Alpine ina kwa Ken Miles, Mngerezi wa kufupi ndi Birmingham amene anasamukira ku California, katswiri pa chiwongolero ndi pa sipanala pomwe. Ndi ndalama zosakwana madola 1,000, Miles anaika V8 ndi giyabokosi yodzisintha yokha ya magiya awiri, ndipo patangotha pafupifupi sabata galimoto inali pamsewu. Inasonyeza kuti injini ikhoza kulowa. Inasonyezanso kuti kulowa kokha sikukwanira: Miles sanasinthe zambiri pa thupi, injini inakhala kutsogolo kwambiri, ndipo galimotoyo inali yolemera mphuno, yovuta kuiweta.

Kwa Shelby ntchito inaperekedwa kwa mmisiri George Boskoff, mu April 1963. Iye anadula khoma la kumapazi n'kukankhira injini kumbuyo, kuti kulemera kwake kugwere pakati pa mawilo. Atatero, bokosi la chiwongolero la Alpine linalibenso malo, choncho analichotsa n'kuika chiwongolero cha mtundu wa rack, chitsulo chamano chogona chopingasa kutsogolo kwa injini. Anakonzanso njira ya madzi oziziritsa ndi mapaipi a utsi. Kusiyana kwa galimoto ziwirizi ndi phunziro limene mmisiri aliyense wa ntchitoyi amaliphunzira, ena pomva, ena polira. Injini inali imodzimodzi. Chimene chinasintha ndi mainchesi ochepa a pokhalira pake.

Ntchito yake imayenda motere, kaya ndi mu 1963 kaya lero. Injini imalendewera pa tcheni pamwamba pa chipinda chopanda kanthu, ndipo mmisiri amaitsitsa mpaka igunde. Pamene yagunda amalembapo ndi choko, kuikweza, kudula kapena kukhoma, n'kuitsitsanso. Akhoza kubwereza kakhumi tsiku limodzi. Ikakhala pamene akufuna amaitsamiritsa pa timatabwa, kuyeza kupendekeka kwake kuti shafiti yopita kumbuyo isamanjenjemere, ndipo pamenepo m'pamene amatenga katoni ndi sizasi. Chitsulo chilichonse chatsopano chimayamba chili katoni. Amaidula, kuipinda, kuiyesa pakati pa injini ndi thupi la galimoto, kudinda ndi chala pamene pali mabawuti kuti mabowo adziwike, kenako n'kuigoneka pa chitsulo chochindikala n'kujambula mozungulira. Akadula ndi kuboola, sawotcherera msoko wonse nthawi imodzi, chifukwa chitsulo chikatentha chimakoka ndipo mabowo amaphonyana. Amangodonthezera timadontho ta moto m'makona, kumanga mabawuti, kuona ngati zakhala, kumasula, n'kumalizitsa pa benchi.

Mamawunting'i akatha, mavuto amayamba kubwera motsatizana ngati ana a nkhuku. Sampu ya oyilo imagunda chitsulo chopingasa chimene chimanyamula mawilo akutsogolo, ndiye imadulidwa n'kuwotchereredwa mwatsopano, ndipo paipi yokokera oyilo m'kati mwake iyenera kutsatira. Giyabokosi yaikulu imafuna kuti mtumbira wa pakati pa mipando ukulitsidwe. Shafiti imafupikitsidwa n'kukaipimitsa pa makina kuti izizungulira mosagwedezeka. Mapaipi a utsi ndiwo amadya masiku: asanu ndi atatu, aliyense ayenera kuzemba chiwongolero, sitata ndi mapaipi a mabuleki, osayandikira chilichonse chimene chingasungunuke. Mmisiri amadula tizidutswa ta mapaipi okhota, kutilumikiza kamodzikamodzi, kuzungulitsa pang'ono, kuyang'ana, kudonthezera. Ndipo pamapeto pake kutentha konse kwa injini yaikuluyo kuyenera kutuluka kudzera pa kamwa kakang'ono kamene kanapangidwira injini ya theka lake. Amene anaimapo pa galaja ku Ndirande kapena ku Mchesi n'kuona injini ya Toyota ikulowetsedwa m'galimoto ya mtundu wina akhoza kuzindikira zonsezi: choko, katoni, gulayinda, ndi munthu wogona chagada pansi akuuza mnzake kuti atsitse pang'ono.

Galimoto ya Boskoff inatumizidwa ku England mu July 1963. Lord Rootes sanakondwe kumva kuti ntchito yotere inkachitika iye osadziwa, koma anaumirira kuiyendetsa yekha. Atatsika, analankhula mwachindunji ndi Henry Ford II n'kuitanitsa mainjini 3,000, ndipo analamula kuti galimotoyo ikaonetsedwe ku New York mu April 1964, patangotsala miyezi isanu ndi itatu. Poyamba ankaitcha Thunderbolt, kenako anasankha dzina la Tiger pokumbukira Sunbeam ina imene Henry Segrave anaswera mbiri ya liwiro mu 1926. Shelby ankayembekeza kuti ntchito yopanga galimotozi ipatsidwa kwa iye, koma Rootes anaipereka kwa Jensen, amene anali atangotaya kontirakiti yomanga Volvo P1800 ndipo anali ndi malo ndi antchito. Shelby anangotsala ndi kandalama kolandira pa galimoto iliyonse.

Kupanga galimoto imodzi ndi manja n'kosiyana ndi kupanga 300 pa mwezi. Mainjiniya a Jensen, Kevin Beattie ndi Mike Jones, anayenera kusandutsa zimene Boskoff anachita ndi diso kukhala miyeso yoti wantchito aliyense atsatire. Kupanga zikombole zatsopano zodindira malata kukanadya ndalama zambiri ndi nthawi imene analibe, n'chifukwa chake chinyundo chija chinalowa m'ndondomeko ya ntchito. Batire linasamukira ku buti. Fyuluta ya oyilo inakwezedwa pamwamba. Kumbuyo anawonjezera chitsulo chopingasa chogwira ekiselo kuti isamasunthire m'mbali. Mapulagi ena a kumanzere anabisika moti sipanala sinkafikako, ndiye anaboola khoma la kumapazi n'kutsekapo ndi kachitsekerero ka labala: makaniko akafuna kusintha pulagi amagwada pakhomo la galimoto, kuchotsa kapeti, n'kupisa dzanja kudzera pa bowolo.

Si zonse zimene zinatheka bwino, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunyoza amisiriwo. Malo amene chiwongolero chatsopano chinapezeka sanali oyenera kwenikweni, moti pokhota kwambiri matayala akutsogolo amakwekwereza pansi. Tiger imatenthanso msanga ikaima pa mzere wa galimoto masana. Matayala ake opyapyala a mainchesi 13 ankazungulira pamalo amodzi dalaivala akaponda mwamphamvu. Koma inkafika makilomita pafupifupi 190 pa ola, pa mtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Cobra, ndipo Aamerika anaigula. Zochepa, zosakwana 100, zinatumizidwa ku South Africa zili zidutswazidutswa n'kukamangidwa komweko.

Imfa yake inachokera ku ofesi, koma chitsulo ndicho chinagamula. Chrysler inagula gawo la Rootes mu 1964, ndipo mu 1967 inatenga ulamuliro wonse. Sizikanatheka kuti izigulitsa galimoto yokhala ndi injini ya Ford, mdani wake pa malonda. Inali ndi V8 yakeyake ya malita 4.5, koma inali yokulirapo, ndipo disitibyuta yake, chida chogawira moto ku mapulagi, inali kumbuyo kwa injini, pamalo enieni amene khoma lija linali litakhomedwa kale mpaka polekezera. Ya Ford inali kutsogolo. Mainjini a Ford amene anali m'nkhokwe atatha, Tiger yomaliza inatuluka mu June 1967.

Chaka chomwecho kampani ya MG inayesa njira yake. Inatenga MGB, galimoto yofanana msinkhu ndi Alpine, n'kuikamo injini yachitsulo ya masilinda 6 ndi malita atatu. Injiniyo inali yaitali ndi yolemera, moti anachita kusintha masipuling'i onse akutsogolo ndi kutukumula boneti. MGC, monga anaitchulira, inkakana kukhota, olemba magazini anaidzudzula, ndipo mu 1969 inathetsedwa.

Zimene kampani yaikulu inalephera, anazichita munthu mmodzi m'galaja yaing'ono ku Kent. Ken Costello anali wothamangitsa galimoto za Mini, ndipo anaona chimene ena sanachilabadire: injini ya V8 ya Rover, ya malita 3.5, inali ya aluminiyamu yokhayokha. Inabadwira ku America ngati ya Buick, General Motors inaisiya mu 1963, ndipo Rover inagula ufulu woipanga mu 1965. Kulemera kwake sikunkaposa kwa injini yachitsulo ya masilinda 4 imene inali kale mu MGB. Mu 1969 Costello anaika imodzi ya mtunduwu mu MGB. Anakonza makoma a chipinda cha injini, anapanga mapaipi a utsi akeake, anasintha njira ya ndodo ya chiwongolero, anakankhira redieta kutsogolo, anapanga cholumikizira injini ku giyabokosi ya MG, ndipo pamwamba anavindikira boneti ya faibagalasi yokhala ndi linunda. Galimotoyo inkakhota ngati MGB wamba koma ikuthamanga ngati ya mtengo wowirikiza. Anthu anayamba kubweretsa galimoto zawo, ndipo anapanga pafupifupi 200.

British Leyland, imene panthawiyo inali mwini wa MG ndi Rover yemwe, inaiona galimotoyo, inapanga yake, ndipo inasiya kugulitsa mainjini atsopano kwa Costello. Apa mpake kunena mosabisa kuti munthuyu sanamuchitire chilungamo: anawaonetsa njira, iwo n'kumutsekera chitseko. MGB GT V8 ya fakitale inatuluka mu 1973, miyezi yochepa mtengo wa mafuta usanakwere dziko lonse, ndipo zinangopangidwa 2,591 mpaka 1976. Koma inasiya mphatso kwa amisiri a m'tsogolo. Kuyambira chakumapeto kwa 1974, MGB iliyonse inkatuluka ndi chipinda cha injini chowumbidwa mofanana ndi cha V8, moti mpaka lero ofuna kusintha injini amasakasaka za zaka zimenezo chifukwa kudula kumachepa.

Kuno kum'mwera kwa Africa, dzina limene limakumbukika pa ntchitoyi ndi la Basil Green wa ku Johannesburg. Atayamba ndi kuika V6 mu Ford Cortina, mu 1970 anatulutsa Capri Perana, yokhala ndi V8 ya malita 5 yochokera ku banja lomwelo la injini ya Tiger. Ntchito yake inali yaudongo moti Ford ya ku South Africa inavomera kuti galimotozi zizigulitsidwa m'mashopu ake, ndi chitsimikizo cha kampani. Chaka chomwecho Bobby Olthoff anagonjetsa nayo pafupifupi aliyense pa mipikisano ya m'dzikomo.

Lero zida zasintha. Mmisiri akhoza kujambula chipinda cha injini ndi makina, kukonza mawunting'i pa kompyuta, n'kutumiza kuti ikadulidwe ndi laser. Mu Mini yakale anthu amaikamo injini za Honda pa chimango chatsopano chowotcherera, ena amaikamo za njinga zamoto kumbuyo kwa mipando, ndipo ena tsopano akuchotseratu injini n'kuika mota yamagetsi ndi mabatire, zimenenso zimafuna mabokosi ndi zogwirira zachitsulo zopangidwa ndi manja. Malamulo nawonso anafika. Kwa zaka zambiri bungwe la DVLA ku Britain linkagwiritsa ntchito mapointi poweruza ngati galimoto yosinthidwa ikadali yomwe ija: pa mapointi 14, injini inkawerengedwa imodzi yokha, pamene thupi kapena chesesi yosadulidwa inkawerengedwa asanu, ndipo popanda asanu amenewo nambala yakale inkatayika.

Ma Tiger otsala tsopano ndi a mtengo wapatali, kuposa Alpine kutalitali. Zimenezi zinabala chinyengo: anthu ena amatenga thupi la Alpine, kuikamo V8, kukhomapo kachitsulo ka nambala ka Tiger imene inawola kalekale, n'kugulitsa. Eni galimotozi anazipatsa dzina loti Alger, kuphatikiza maina awiriwo. Bungwe la Sunbeam Tiger Owners Association la ku California linakhazikitsa oyendera ophunzitsidwa kuti azisiyanitsa yeniyeni ndi yabodza. Injini siiwauza zambiri, chifukwa ya Ford imapezeka paliponse, ndipo kachitsulo ka nambala kamangogwidwa ndi maliveti. Amachotsa makapeti, kutsegula buti, kulowa pansi ndi tochi, n'kumayang'ana misoko ya moto, zigamba ndi mapindidwe amene antchito a Jensen anasiya pa thupi lililonse ku West Bromwich, pamodzi ndi malo aja amene chinyundo chinamenya.